Mayi Justina Nkhwazi, Eni Nyumba ya ku Romford

Abusa, akuluakulu a mpingo, anamfedwa, ndi inu abale amene mukutionera pa foni kuchokera ku Ntcheu, ndikupatsani ulemu. Ine ndine Etta, azakhali awo a bambo Victor, amuna a malemu. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, choncho ndikaphunthwa powerenga mundidikire. Ntchitoyi anandipatsa ndi malemu eni ake ali m'chipatala, ndipo anandilamula kuti ndiyambe ndi ndagi. Nayi: chimakhala pakhomo, mawu ake amaposa a onse a m'nyumba, mlendo aliyense amayamba kumva icho, koma njerwa sichinanyamulepo ngakhale imodzi. N'chiyani? Sungani yankho, tikumana kumapeto.

Malemu anabadwa pa 3 Meyi 1972 ku Ntcheu, m'banja la ana asanu ndi awiri, iwo ali achitatu. Pulayimale anaphunzira kwawo komweko, sekondale ku Dedza, ndipo mu 1995 anamaliza maphunziro a unamwino ku Blantyre. Mu 1998 anakwatiwa ndi mwana wa mchimwene wanga. Ine ndinawanong'oneza tsiku laukwati kuti mwanayu ndinamulera ndine, mtima ndi wabwino koma pakamwa mpotseguka. Anangoseka.

Mu 2003 anabwera kuno ku London kudzagwira ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Romford, ndipo chaka chotsatira anaitanitsa amuna awo ndi ana. Zaka zisanu ndi chimodzi anavala jasi limodzi lomwelo, mpaka mu 2009 anagula nyumba. Apa m'pamene panalowera minga. Pofuna kuti amuna awo asachepe pamaso pa anzawo, malemu analembetsa nyumbayo m'dzina la a Victor okha. Ankhoswe anaombera m'manja, nane ndinalulutira. Tinkati ndi ulemu. Sitinadziwe kuti kuno pepala silidziwa ulemu.

A Victor anatsegula bizinesi yotumiza migolo ndi magalimoto kumudzi. Inayenda zaka zingapo, kenaka inayamba kutsimphina. Mu 2019 malemu ataona mitambo, anapempha kuti nyumba ilembedwe m'dzina lawo, monga mwini wake weniweni, ndipo zinatheka. Mu 2021 khoti linalengeza kuti a Victor ndi bankirapti, kutanthauza munthu amene ngongole zamumiza, ndipo linasankha mkulu wina woti agulitse katundu wawo. Mkuluyo anati kusintha dzina kuja kunali kubisa chuma, nyumba igulitsidwe.

Mlandu unazengedwa mu 2023. Malemu anapita ndi chikwama chodzaza mapepala a kubanki, osonyeza kuti mogeji, ngongole yogulira nyumba, inkachoka pa malipiro awo mwezi ndi mwezi. Mbali inayo inangobweretsa kanema mmodzi wa pa Fesibuku, wa paphwando la 6 Julaye ku Wembley. M'menemo a Victor, atavala suti yoyera, akumenya pachifuwa kuti nyumba ya ku Romford anagula okha ndi thukuta lawo, mayi sanaponyepo ngakhale khobidi. Jaji anawafunsa ngati mawuwo anali oona. Kumbuyo kunakhala Amalawi anzathu asanu ndi mmodzi, ena ndikukuonani muno. A Victor anacheuka, nawayang'ana, nayankha kuti m'banja zinthu zimakhala za bambo. Mlandu unathera pomwepo, malemu analuza.

Tsiku limenelo malemu sanalire. Anakwera basi, nakalowa ntchito. Koma kuyambira pamenepo anasiya kudzala maluwa pakhomo, ndipo makatani a m'chipinda cha mwana wawo Brenda atang'ambika sanagule ena. Ankati sungakongoletse nyumba imene mawa alowamo eni ena.

Anachita apilo. Mu Malichi 2024, mwezi womwe madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mimba, khoti lalikulu linati jaji woyamba anamvera kanema n'kuiwala mapepala, choncho mlandu umvedwenso. Loya ananena poyera kuti popanda a Victor kulumbira zoona, ana adzatuluka m'nyumbamo ndi masutikesi. Chaka chathunthu pepala lolumbirira linakhala pamwamba pa firiji, a Victor osalisayina. Malemu ankachoka kolandira mankhwala ali wefuwefu, tsitsi litathothoka, n'kulipukuta fumbi, n'kulibwezera pomwepo. Sanakalipe. Wokalipa ndinali ine, mpaka anthu oyandikana nawo anaphunzira Chichewa.

Mu Juni chaka chino anawagoneka m'chipatala chomwe anatumikira zaka makumi awiri ndi ziwiri, akusamalidwa ndi anamwino amene anawaphunzitsa okha. Mwana wa mchimwene wanga atawaona mmene anatheramo, anapita yekha kwa loya, nasayina, ndipo tsiku la mlandu anaima pamaso pa jaji n'kubwereza mawu onse ndi pakamwa pake. Pa ichi chokha, Victor mwanawe, ndikukuvulira duku.

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 2 Sepitembala 2025, ali ndi zaka 53. Chigamulo chinafika Loweruka pa positi, atagona kale kumotchale masiku anayi. Chinati nyumba ndi ya mayi Justina Nkhwazi kuyambira tsiku loyamba, ndipo wogulitsa katundu asaikhudze. Mwa wilo yawo, tsopano ndi ya ana awo, Khumbo ndi Brenda. Anaimenyera zaka zinayi, koma sanagonemo ngakhale tsiku limodzi ndi mtima wokhazikika. Khumbo, Brenda, ndikudziwa mumayankha m'Chingerezi, koma izi mwazimva. Mukadzale maluwa aja.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, mayi awo okalamba amene anakanizidwa viza, ndi abale anayi. Tikuthokoza anamwino anzawo amene anasinthana kuwadikirira, amayi a mpingo wa ku Lewisham, abale athu a ku Zambia amene sanachoke pasiwa, ndi loya amene anapirira nafe. Mayi Justina, mwagwira ntchito, kagoneni. Kumene mwapitako kulibe wokutulutsani. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Tsono ndagi ija. Ndikanaisiya, koma dzulo masana ndinamva ndi makutu angawa munthu wina akuuza alendo pasiwa kuti khalani momasuka m'nyumba mwanga muno. Choncho ndiwerenga ndime 7 ya pepala limene a Victor analumbirira: "Pa nyumba imeneyi sindinalipirepo kanthu. Chimene ndinagula ndi ndalama zanga ndi belu la pakhomo."

Yankho ndi belu, abale anga. Amene mwatembenukira ku mpando wakutsogolowo, mlandu ndi wanu. Sekani ndithu, malemu analoleza, ndasiya mpata. Ndipo Victor, usabise nkhope m'pologalamu. Ana akuti ukhoza kukhalabe m'nyumbamo, koma belu lako linasiya kulira chaka chatha. Ugule mabatire.