Madzi Amene Ndinakana ku Joni

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi ana nonse, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Mukundidziwa, ine si munthu woima kutsogolo. Ena mwabwera kudzapemphera, ena mwabwera kudzamva kuti gogo uja anapita kuti ndipo wabwerako bwanji. Ndikukuonani nonse. Mumva zofanana.

Mwana wanga wamwamuna munamuika nokha kuseri kwa mabani a fodya uko. Mukudziwa mmene anafera. Anadya nyama ya m'chitini imene munthu anamupatsa akumwetulira, akumutchula kuti shamwari, bwenzi. Dzuwa lisanalowe anali akusanza magazi. Mkazi wake anapita kwawo ku Chiweshe kukauza makolo, asilikali anakamutsekera mu kipu, m'mudzi wa mpanda uja, mpaka lero sanabwere. Ndinatsala ndi kamdzukulu kanga Feliya, liwombo lisanatseke n'komwe.

Kuchokera tsiku limenelo sindidya cha munthu. Madzi ndimatunga ndekha pa mjigo. Inu amayi amene munandibweretsera mahewu pamaliro paja, musakhumudwe, ndinawataya. Ndinataya a aliyense.

Bwana wamkulu wa pulazi pano atafa ndi bomba la mumsewu, medemu, amene ndinamulelera ana ake onse, anati wasiyira mwana wake pulazi, iye akupita ku Ingalande. Ndinamupempha kuti andithandize ndikasiye Feliya kwa mng'ono wanga ku Dedza, kutali ndi nkhondo ino. Njira ya ku Tete yotseka, ndege ya ku Malawi nayonso imayamba yazungulira ku Joni. Medemu anavomera pomwepo, nagula tikiti yopita ndi kubwera poti abambo kunyumba ndi odwala. Kuvomera msangako kunandiopsa. Ndinati mwina mayiyu akufuna mwanayu apite naye. Ulendo wonse sindinamutsitse Feliya kumsana.

Tinakagona ku Halale, ndipo kumeneko mwana anayamba kutsegula m'mimba. Sindinauze munthu. Ndinkadziwa kuti akangomva kuti akudwala, amulanda, amuika m'chipatala cha eni ake, ine andibweza. Ndinali ndi botolo langa la madzi a pa mjigo wathu uno. Ndinkamumwetsa pang'onopang'ono.

Tinafika ku Joni m'mawa. Medemu anakwera nane pamwamba, m'chipinda chodikiriramo anthu a fesiti kalasi, amene amakhala kutsogolo kwa ndege. Analankhula ndi mzungu wamkazi wapakhomo, wa makiyi m'chiuno, akundiloza. Wa makiyi uja anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumatenesi, nagwedeza mutu monyinyirika. Ndege ya medemu itaitanidwa, anandigwira paphewa, misozi ili chuchuchu, napita. Sanapemphe mwana. Pamenepo ndinalakwa kumuganizira, koma enawo ndinali ndisanawadziwe.

Abale anga, chipinda chimenecho. Pansi kapeti yoti phazi limamira. Mipando yoti ukakhala imakumeza. Mphepo yozizira imachokera kudenga, kunja dzuwa likuswa mtengo. Khoma limodzi lonse ndi galasi, ndege zikungoyendayenda kunja kwake ngati mathirakitala nthawi yolima. Pathebulo lalitali panali buledi, nyama yodulidwa mopyapyala, zipatso, mabotolo a mitundumitundu, majagi a madzi oundana. Aliyense amangotenga, palibe womufunsa. Ine ndinati chakudya chongoyalidwa chonchi, chopanda mwini wake woti umuyang'ane m'maso, ndicho chinandiphera mwana.

Ndinasankha pakona, pafupi ndi mphika waukulu wa maluwa, msana kukhoma, maso kuchitseko. Pampando ndinangokhala m'mphepete. Azungu anali kuseri kwa nyuzipepala zawo, koma ndinkaona nyuzipepala ikutsika pang'ono, diso likundiyang'ana, ikukweranso.

Ndege yathu inayenera kunyamuka masana. Masana anakwana. Wa makiyi anabwera nandiuza m'Chilapalapa, chinenero cholankhulira antchito, kuti ndege yawonongeka, dikira. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anangotambasula manja.

Botolo linatha.

Linatha, abale. Ndinalipendeketsa pakamwa pa mwana, kunatuluka kadontho, basi. Kutsegula kuja sikunaleke. Matewera ndinkasinthira kuseri kwa mphika wa maluwa, oipawo n'kumakulunga m'nsalu kuti fungo lisatiulule. Zitseko za kuchimbudzi ndinkaziona, mwina kunali mpope, koma zinali ndi zolemba, ndipo tonse timamva za ku Joni kuti ukalowa chitseko cholakwika umatulukira kupolisi. Ndikamangidwa ine, mwana atsala ndi yani?

Munali mnyamata, ayi, si mnyamata, bambo wa imvi pang'ono, weta wa jekete yoyera, amene ankayenda ndi thireyi. Ndinali ndamuona kale akudutsadutsa pafupi nane koposa mmene ntchito yake inkafunira. Ndiye ine ndikunong'oneza mwana kuti tonthola, tonthola mayi wanga, anaima nati, “Muli bwanji agogo? Kwathu ndi kuti?”

Chichewa, pakati pa Joni. Wina akanasangalala. Ine ayi. Pa pulazi pano tinaphunzira kuti amene watumidwa kudzakufufuza sabwera ndi Chingerezi, amabwera ndi chinenero cha mayi ako. Ndinamuyankha m'Chishona kuti sindikumva.

Anaseka chapansipansi. “Chishona chanucho chikununkha kumudzi, agogo. Ine ndine wa ku Mangochi. Mwanayu akufuna madzi.”

Ndinati mwanayu wakhuta. Anapita. Patapita nthawi anabwera ndi tambula, nati ndi madzi owiritsa, wawaziziritsa, wathiramo shuga pang'ono. Anaika pakathebulo pafupi nane. Feliya anawaona. Anatambasula kadzanja. Ine ndinakabweza kadzanjako.

Mukuti bwanji sindinalawe ndekha? Ndinaganiza zimenezo. Koma mwana wanga wamwamuna anali munthu wamphamvu, wonyamula mabelo a fodya, ndipo anatha tsiku limodzi. Ine ndikagwa pakapeti paja, Feliya akanangosanduka katundu wopanda mwini. Ndiponso kwathu wopereka ndiye amayamba. Ngakhale mowa, mwini wake amayamba wamwa anthu akuona. Ndiye ndinamuuza bamboyo kuti, “Mwabweretsa ndinu. Lawani.”

Nkhope yake inasintha. Anati sangathe. Anati iye ndi Msilamu, ndipo uno ndi mwezi wa Ramazani, wamanga, samwa kanthu mpaka dzuwa litalowa. Anatinso weta akagwidwa akumwera m'tambula ya alendo, ntchito yatha tsiku lomwelo.

Ine Achawa ndimawadziwa, tili nawo m'komboni muno. Ndimawaona m'mwezi umenewu akugwira ntchito m'mabani, kutentha konse kuja, osameza ngakhale malovu. Ndinkadziwa kuti kusala kulipo. Koma mtima wanga unati, waona, wakana. Wapeza chifukwa chabwino, koma wakana. Ndinakankha tambula ija ndi chala mpaka kumapeto kwa thebulo.

Dzuwa linapendeka pang'ono, ndege osaitanidwa. Azungu ena anapita, kunabwera ena. Ankathira madzi m'matambula, kumwa theka, kusiya. Ndinkamva madzi oundana aja akulira m'magalasi. Chipinda chodzaza madzi, mdzukulu wanga akuuma pamiyendo panga. Ndinaganiza zotenga tambula yosiya mzungu, poti iye wamwa ndipo sanafe, koma wa makiyi uja maso ake anali pa ine, ndipo wakuda wogwira tambula ya mzungu ndi wakuba.

Kenaka Feliya analeka kulira. Amayi, mukudziwa. Mwana akamalira umadandaula, koma akaleka ndiye umadziwa. Kamwa linali kutseguka, mawu osatuluka, misozi osatuluka. Maso analowa m'kati. Ndinaika chala paliwombo, chala chinalowa. Lilime linali louma ngati tsamba la fodya. Ndinamugwedeza, mutu unangogwera kumbuyo.

Ndinapemphera, koma silinali pemphero labwino ngati la abusa. Ndinati Ambuye, munanditengera bambo wake ndi chakudya cha munthu. Tsopano mukufuna kunditengera uyu chifukwa ndakana madzi a munthu. Ndikamupatsa ndimupha, ndikapanda kumupatsa ndimupha. Ndichite chiyani? Ine sindikuona m'mitima. Inu ndinu mumaona. Ndinabwereza zomwezo, ndichite chiyani, ndichite chiyani, milomo yokha ikuyenda.

Nditadzutsa mutu, bambo uja anali ataima patsogolo panga. Anayang'ana mwana. Anayang'ana kugalasi kuja, dzuwa likadali pamwamba ndithu. Anayang'ana kwa wa makiyi, wa makiyi akumuyang'ananso. Kenaka anatola tambula ija, nanong'ona mawu a kwawo, namwa. Sanangonyambita ayi. Anamwa mpaka theka, ndikuona kholingo likukwera ndi kutsika.

Anapukuta pakamwa nati, “Tsiku la leroli ndidzalibweza, agogo. Mwanayu simungamubweze. Mwetsani.”

Mukuganiza kuti ndinamwetsa pomwepo? Ndinamugwira jekete, ndinati imani pomwepo kaye. Ndinamuyang'ana m'maso, ndinamuyang'ana milomo, ndinayang'ana ngati miyendo ikunjenjemera. Bambo wa eni ake anaima ndi thireyi yake ngati mwana wasukulu, nati, “Ndikafa mundiuze.” Ine sindinaseke. Nditaona kuti waima bwinobwino, ndinaviika chala m'madzi muja, ndinadontheza palilime pa Feliya. Kadontho, kadontho. Poyamba anangotuluka m'mbali mwa kamwa. Ndinapitiriza. Kenaka kakhosi kanasuntha. Anameza. Anameza, abale anga. Bambo uja anandipatsa kasupuni, ndinamwetsa ndi kasupuni, pang'onopang'ono, mpaka tambula inatha.

Anakatenga ina. Ndisanamuuze n'komwe, iye anamwako kaye yekha, pamaso panga, asanandipatse.

Pamenepo wa makiyi anamuitana. Ndinawaona pakhomo paja, mayiyo chala chili m'mwamba, bamboyo mutu uli pansi. Anamulozera chitseko cha kumbuyo. Analowa. Sindinamuonenso. Thireyi yake anayamba kuyenda nayo wina, wolankhula Chizulu, amene sanandiyang'ane n'komwe.

Tambula yachiwiri isanathe, Feliya analira. Analira mokweza, nyuzipepala zonse zinatsika. Ine ndinati lira mayi wanga, lira amve Joni yense. Ndege yathu inaitanidwa dzuwa lili pafupi kulowa, nthawi imene bambo uja akanamasula kusala kwake bwinobwino akanakhala kuti sanakumane ndi ine.

Ku Malawi mng'ono wanga anathamanga naye kuchipatala cha mishoni. Asisitere anamugwira paliwombo, nati mukanachedwa pang'ono. Sanamalize, ndipo ine sindinafunse. Ndamusiya akuyenda chogwira khoma, akuthamangitsa anapiye.

Pobwerera ndinadutsanso pa Joni pomwepo, koma popanda medemu, ndiye ndinakhala pansi pa mabenchi ndi anthu wamba. Ndinayang'ana masitepe okwera kuchipinda chija tsiku lonse. Majekete oyera ankakwera ndi kutsika. Iye panalibe. Kaya anali pa ofu, kaya anamuchotsa ntchito, sindikudziwa.

Musaganize kuti ndabwera wosinthika. Mahewu anu sindimwabe. Nkhondo sinathe, ndipo amene anapatsa mwana wanga chitini chija akuyendabe ndi miyendo iwiri. Koma ndikuti Mulungu amene ine sindinamupatse mpata uliwonse anapeza mpata. Ndinatseka kuno, ndinatseka uko, Iye anadzera mwa Mchawa wosala kudya, munthu woti sangalowe m'tchalitchi muno. Zikomo Ambuye. Zikomo Yesu. Feliya ali moyo.

Abusa, ndikupempha kuti mukamatseka ndi pemphero mumuikemo bambo ameneyo. Mundifunsa dzina lake. Ndilibe. Sindinamufunse, poopa kuti angandifunse langa. Mungonena kuti wa ku Mangochi uja anamwa madzi dzuwa lisanalowe, Mwini wake amudziwa.

Tsopano imirirani mukondwere nane. Amayi, nthungululu zija munazisunga chiyambire maliro a mwana wanga, zitulutseni lero. Amen.