Ndinaphunzitsa Mwana Wanga Kubisa Magazi

Abale ndi alongo, inu achinyamata mumandidziwa kuti Amake Enelesi. Akuluakulu a muno m'Kafue amandikumbuka ndi dzina lina, mlangizi woledzera uja. Musazolike, ndine ndemwe.

Mafakitale atayamba kugulitsidwa, bambo a kunyumba anachotsedwa ntchito. Anakhala pakhonde zaka zingapo, kenako tinawaika m'manda. Ine ndinayamba kuoda nsomba ku Chanyanya n'kumagulitsa pamsika. Koma chimene chinanditchukitsa si nsomba ayi, ndi ulangizi. Mtsikana akamakwatiwa, amayi ake ankathamangira kwa ine. Ng'oma ndinkaidziwa, nyimbo ndinkazidziwa, koma popanda botolo la kachasu pakamwa panga sipankatseguka.

Lamlungu ndinkakhala pa benchi ya kutsogolo m'tchalitchi, m'kamwa mukununkha za dzulo. Ndinkadziona ngati mzati wa akazi onse.

Phunziro langa lalikulu linali limodzi. Mkazi weniweni savulira mlendo. Za m'chitenje zimathera m'chitenje momwemo.

Kenako ku kiliniki anayamba kuuza azimayi obwera ndi ana ku sikelo kuti azipimitsa khomo la chiberekero. Ine ndinapsa mtima. Ndinkaima pakati pa msika n'kumakuwa kuti, "Musayese! Ni ba satana baja, bafuna magazi yanu na ya bana banu!" Ndinalibe umboni uliwonse. Ndinkangodana ndi zoti namwino wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga, aziuza akazi zimene ine sindinawauze. Azimayi anandimvera. Ena anasiya ndi sikelo yomwe.

Ndili ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, Enelesi. Mukudziwa kuti mwambo sulola mayi kulangiza mwana wobereka yekha. Pa ukwati wake ndinaitana anzanga awiri, koma ndinakhala kuseri kwa chitseko n'kumawakonza akalakwitsa. Mawu onse amene anamva tsiku limenelo anali anga.

Masana ena Enelesi anabwera kwathu atabereka kumsana Mada, mwana wake wamkazi wa chaka chimodzi. Anadikira kuti anthu achoke, ndiye ananong'ona. "Amai, nichoka magazi, koma si nthawi yanga. Maka-maka tikakhala pamodzi na batate bake Mada."

Sindinaganize kawiri. Ndinati ndi mdulo, matenda amene makolo ankati amagwira mkazi mwamuna akayenda kunja. Ndinamugulira mizu kwa sing'anga wina wa ku Shimabala, ndinamuletsa kuthira mchere m'ndiwo, ndipo ndinamugwira khutu n'kumuuza kuti asauze munthu.

Mvula inabwera, inapita. Mwana wanga ankangowonda. Ankachapa zitenje zake kuseri kwa nyumba, anthu asanayambe kudutsa. Ine ndinkangowonjezera mizu.

Tsiku lina Enelesi anapita ndi Mada ku sikelo kukabayitsa jekeseni, ndipo anagwa ali pamzere. Anandiitana ku msika. Ndinafika ndi mamba a nsomba m'manja, n'kupeza amugoneka, namwino uja ndinkamunyoza ataima pambali pake.

Namwinoyo anafunsa, "Vinayamba liti?"

Enelesi anati, "Papita chaka, ba Sisita."

"Manje chifukwa chani simunabwere?"

Mwana wanga anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakwiye, ndipo kukwiya kukanakhala bwino. Anangoti, "Amai bananiuza kuti nisauze munthu. Ninabamvera."

Abale, ndamvapo zotukwana zambiri pamsika, koma palibe mawu amene anandilasa ngati amenewo. Anandimvera. Ndinamulera bwino, anandimvera, ndipo kundimvera kwakeko kunali kumupha.

Anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Kumeneko anati ndi khansa ya khomo la chiberekero. Dokotala anati akanabwera msanga, kakanakhala kabala kakang'ono kothana nako tsiku lomwelo. Tsopano panafunika kuchotsa chiberekero chonse, ndipo sanalonjeze kuti achira.

Mantha anga anagweranso pa Mada. Ndinabwerera kwa namwino wa ku Kafue uja, manyazi ndi mutu womwe. Ndinafunsa ngati mwanayo sanayamwe matendawo kubere. Anandipatsa mpando, ine amene ndinkamutcha wa satana. Anati khansa siyamwidwa. Imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana, ndipo n'kofala kwambiri, ngakhale m'mabanja a anthu opemphera. Thupi la mayi limapanga asilikali olimbana nako, ndipo ena mwa asilikaliwo amadutsa kupita kwa mwana ali m'mimba. Koma sakhalitsa. Mwana akamakula amatha, ndiye mtsikana aliyense amafunika chitetezo chakechake. Anatinso katemera alipo kumaiko ena, ndipo tsiku lina adzafika kuno.

Ndinatuluka ndikudziwa kuti ulangizi wanga wonse sunkadziwa chinthu chimodzi ichi.

Tsiku la opaleshoni ndinakhala pa benchi panja, dzuwa likuswa mtengo. M'chikwama munali kabotolo kanga. Ndinakatulutsa. Pamenepo ndinakumbukira mayi uja wa nthenda ya magazi amene anakhudza chovala cha Yesu. Nkhaniyo ndinaimva kambirimbiri pa benchi ya kutsogolo, koma sinkandilowa. Mayiyo sanabise. Ananena zonse pamaso pa khamu la anthu, ndipo Yesu sanamuchititse manyazi.

Ndinagwada pa simenti, anthu akudutsa. Ndinati, "Ambuye Yesu, wobisa wamkulu ndine. Ndabisa mowa, ndabisa kunyada, ndabisa mwana wanga mpaka pakhomo la manda. Ndikhululukireni. Mukamusiya ndi moyo kapena ayi, pakamwa pangapa ndi panu." Kachasu uja ndinamuthira mu ngalande. Kuyambira tsiku limenelo sindinalawenso.

Enelesi anatuluka wamoyo. Anadutsa m'mankhwala owawa miyezi yambiri, koma anachira. Mulungu alemekezeke!

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera m'malo. Mada alibe mng'ono wake, ndipo sadzakhala naye. Ali wamng'ono ankafunsa kuti mwana wa kwawo abwera liti, amayi ake n'kungoyang'ana pansi. Ine ndimadziwa amene anachititsa. Yesu anandikhululukira, Enelesi anandikhululukira, koma chipsera chilipo.

Titabwerera ku Kafue ndinayenda khomo ndi khomo kwa akazi onse amene ndinawalangiza, kukawauza kuti ndinawanamiza. Ena ananditsekera chitseko. Wina anandinunkhiza m'kamwa n'kunena kuti, "Lelo mwamwa vabwanji, ba mayo?" Ndinaseka, ndipo mawa lake ndinamuperekeza kukapimitsa. Inenso ndinakwera pabedi lopimira ndi imvi zangazi. Sindinafe.

Katemera uja anafikadi. Atabwera ku sukulu ya Mada, makolo ena anabisa ana awo m'nyumba. Ine ndinamuperekeza ndekha, n'kumupindira mkono wa yunifolomu.

Ulangizi sindinasiye. Ng'oma ndimaimbabe, ulemu ndimaphunzitsabe. Koma tsopano ndimauza mkwatibwi aliyense kuti magazi osakhala a nthawi yake sabisidwa, ndipo namwino si mlendo.

Ndikuyamika Yesu amene anandichotsa m'botolo n'kundibwezera mwana wanga. Enelesi, imirira mwanangu, akuone. Uyo apo, wamoyo.

Ngati pali chimene mwabisa mumtima, bwerani nacho kwa Yesu lero, sakuchititsani manyazi. Ngati pali chimene mwabisa m'chitenje, Lachiwiri m'mawa mundipeza pa geti la kiliniki, tikalowere limodzi. Azimayi anzanga, munandimvera ndili woledzera. Ndimvereninso lero.