Botolo la agogo Fletcher Makina

Malemu amene tikuwaperekeza lerowa ndi bambo Fletcher Makina. Anabadwa m'chaka cha 1952 konkuno ku Chiringa, boma la Phalombe. Ine ndine Alesi, mdzukulu wawo. Andisankha kuwerenga poti akuti pakamwa panga sipatsekeka, ndiye mundipirire.

Sukulu analekezera sitandade 4. Ali mnyamata anakathyola tiyi ku Mulanje, ndipo kumeneko anadzipangira banjo ya chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga. Mu 1976 anakwatira mayi Rozaria. Agogo aakaziwa amakana kuti anakopeka ndi banjoyo, koma achemwali awo anandiuza zonse.

Atabwerera kumudzi analowa gulu la zisudzo loyenda m'misika ndi m'masukulu. Zaka makumi atatu zonsezo sanasewereko mfumu kapena dokotala. Gawo lawo linali la chidakwa: ankalowa akudzandira, botolo kukhwapa, kuimba nyimbo imodzi, n'kugwa pansi. Kanthawi kochepa, koma anthu pobwerera kwawo ankakamba za iwo basi.

Luso lomwelo linawapweteketsa. Amayi ena atawaona akusewera pamsika anakanena kutchalitchi kuti aledzera, agogo n'kuwaimitsa kwaya chaka chathunthu. Maina sinditchula, ngakhale ndikuwadziwa, ndipo ena ali pompano. Agogo sanakwiye. Ankangoti ngati akulu ampingo akhulupirira ndiye kuti sewero lagwira. Koma Lamulungu lililonse ankakhala benchi yakumbuyo n'kumaimba chapansipansi. Tikuthokoza kwaya chifukwa inawalandiranso, ndipo lero yawaimbira mpaka mawu kusasa.

Anayamba kudwala mu Marichi, miyendo kutupa, mpweya kubanika. Tikuthokoza bambo Amosi amene ankawanyamula panjinga kupita kuchipatala osanyinyirika. Andilola okha kuti ndinene: anasiya kachasu atadziona m'sewero la agogo, mkazi wawo n'kubwerera panyumba. Agogo anatisiya Lachiwiri m'mawa.

Tsono dzulo pamjigo ndinamvanso ena akunong'ona kuti chawapha ndi mowa. Agogo aakazi atamva analira kuposa tsiku la imfa. N'chifukwa chake ndabwera nalo botolo lija, ili ndagwirali. Kuyambira ndili sitandade 1 wothiramo ndinali ine, ndipo ndinkathiramo madzi a pamjigo womwewo. Wokayika abwere adzanunkhize mwambo ukatha. Agogo mowa sanaulawe moyo wawo wonse. Chonde, nkhani imeneyi tiikwirire lero lomwe.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Rozaria, ana anayi, aamuna awiri ndi aakazi awiri, adzukulu khumi ndi mmodzi, mdzukulutuvi mmodzi, ndi mchemwali wawo mayi Fainess a ku Jenala.

Agogo, zikomo potiseketsa. M'sewero mukagwa munkadzuka n'kusasa fumbi, ndiye ine Lachiwiri ndinadikira. Pumulani mu mtendere.