Chigayo Chodalirika cha kwa Chiwalo

Bungwe lina linali ndi injini imodzi yoti lipereke ku chigayo chovutikitsitsa m'Phalombe, ndiye linatuma Dave, injiniya wa nsapato zosongoka, kuti akawerengetsere. Kwa Chiwalo anapeza a Goliati, oyendetsa chigayo cha kalabu ya alimi, ali khale pakhomo, koma zoti wophunzirayo asuzumire m'kati, ayi ndithu, ulemerero ungachoke.

"Bambo, muziyankha zokhazo ndafunsa," anatero Dave akutsegula laputopu. "Nthano sindikufuna. Chigayochi chawonongeka kangati chaka chino?"

"Kamodzi."

"Kamodzi kokha?"

"Eya, mu Januwale. Kungoti bwana..."

"Aaa! 'Kungoti' alibe malo pa fomu. Cha kwa Kaduya chawonongeka ka 14. Lamba mwasintha kangati?"

"Sitinasinthepo."

"Sefa?"

"Ndi yomweyo. Sinabooke n'komwe."

"Dizilo mumathira kangati pa sabata?"

"Amene tinathira mu Januwale akadalimo."

"Heee! Kusamwa mafuta kotere! Nanga anthu amadandaula za ufa wanu?"

A Goliati anakanda m'mutu. "Za ufa wathu, palibe wadandaulapo."

Dave anagogoda mabatani ngati akuliza limba kutchalitchi. "Mwaona? Masiku 270 kugawa ndi kamodzi. Chanuchi chimatha masiku 270 chisanafe, cha kwa Kaduya masiku 19 basi. Chigayo chodalirika chonchi, mukufuniranji injini? Dyera!"

"Bwana, mukadangolowa muone..."

"Maso amanama, manambala sanama." Anadina batani. "Lipoti lapita. Injini ikupita kwa Kaduya."

A Goliati anagwira pakamwa. Injini imene mudzi wonse unkaipempherera inapita choncho, ndi chala chimodzi cha munthu wosamva za anzake. Zokwiyitsa zedi!

Dave, kumwetulira kuli mwee, anamasula thumba pa njinga yake yamoto. "Mwayi sudziwika. Chimanga changa ndigayitse pa chigayo chapamwambachi. Lizani."

"Sichingalire."

"Chifukwa?"

"Mothiramo chimangamo muli nkhuku, ikufungatira mazira."

"Nkhuku? Ichotseni!"

"Olo tiichotse, bwana. Chinawonongeka."

"Liti?"

"Mu Januwale. Kamodzi kaja."

"Ndiye... munachikonza liti?"

"Eyaa! Funso limenelo ndi lomwe ndimadikira. Sitinachikonze."

"Miyezi isanu ndi inayi chili zii? Bwanji simunanene, bambo inu?"

"Ndinayamba. Munati alibe malo pa fomu."

Dave anaimba foni ku ofesi, thukuta lili kamukamu. A ku ofesiwo anamuuza kuti anthu a kwa Kaduya awauza kale za injiniyo, ndipo akuvina. Dave anakhala pa thumba lake lija, nsapato zosongoka zitaloza kumwamba.

"Nanga chimanga changachi?"

A Goliati anamulozera msewu wafumbi.

"Kwa Kaduya, bwana, ku chigayo chosadalirika chija. Mukaime kumbuyo kwa akazi anga, anyamuka wapansi m'mamawa. Chodalirikachi tisiyireni, chikutiswera anapiye."