Khadi Langa Linasungunuka M'madzi a Chia

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Esinati Nabanda wa ku Chia. Ndifuna ndikuuzeni za mantha amene ndinakhala nawo zaka zitatu, akuti mwina ine sindili mwa osankhidwa a Mulungu.

Ndinali m'kalasi ya ubatizo, amuna anga ali kuntchito ku Halale. Aliyense anali ndi khadi limene aphunzitsi ankachongapo tikafika. Katekisimu sankandilowa m'mutu. Kawiri ndinaima pamaso pa akulu a mpingo, kawiri ndinabwezedwa. Choncho mtima wanga wonse ndinauika pa khadi lija, poti sindinajombepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinkalimangirira pansonga ya nsalu, nkumati likadzadzaza, Mulungu sangandikane.

Tsiku lina m'mawa ndikuwoloka Chia pa bwato ndi dengu la mpunga, ulendo wa kumsika ku Kota Kota, mwera unauka ndipo bwato linagubuduzika. Ine ndinakulira kumapiri a Ntchisi, kusambira sindidziwa. Sindinafuule, sindinapemphere, ngakhale dzanja sindinatukule. Ndinangomira. Ndinatsitsimukira pamchenga ndikusanza madzi. Anthu anati anandivuula ndi a Saidi, msodzi wachisilamu amene ndinali ndisanalankhulepo naye. Anachita kundikoka ndi tsitsi. Nditamasula mfundo ya nsalu, khadi linali phala lokhalokha, ndipo ndinalirira khadilo kuposa mpunga.

Tsiku la mayeso ndinapita chimanjamanja, ndinafotokoza zonse. A Filimoni Mwale, mkulu wa mpingo yemwe anandibweza kawiri konse, anandifunsa kuti ndili pansi pa madzipo ndinawathandiza bwanji a Saidi.

"Palibe, bambo. Ndinali ngati wakufa."

"Nanga asanakugwireni, anayamba afunsa khadi?"

Akulu ena anaseka, koma ine misozi inangotsika. Zimene ankatiphunzitsa zaka zonsezo ndinazimva tsiku lomwelo: tinali akufa m'machimo, Mulungu ndiye anayamba kutikonda, ndipo ngakhale chikhulupirirocho ndi mphatso yake. Mafunso ena ndinayankha mopunduka monga kale, koma mantha anali atachoka. Mwezi womwewo ndinabatizidwa.

Mpaka lero sindijomba kutchalitchi, koma tsopano ndimapita ndi chiyamiko, osati kukagula malo kwa Mulungu. A Saidi ndimawapatsira mpunga watsopano chaka ndi chaka, iwo nkumandiseka kuti ndisamamete tsitsi.

Ndikuthokoza Ambuye Yesu. Inu amene mukuona ngati dzanja lanu lafooka, limbani mtima, musabwerere m'mbuyo. Chimene chinanditulutsa m'madzi si kugwira kwanga, koma kugwidwa.