Khansa Yachiwiri Inandipeza M'matumbo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amayi anzanga a ku Mtendere amene mwakhala mukundinyamula m'mapemphero. Ndine amake Chisomo, uja wogulitsa zitenje pamsika. Ambiri mukudziwa kuti zaka zapitazo ndinadwala khansa ya m'chiberekero, madokotala n'kuchichotsa chonse, ndipo tinavina m'tchalitchi kuti ndachira. Lero ndikufuna ndikuuzeni za khansa ina imene inadza pambuyo pake.

Pamene ankanditulutsa m'chipatala nthawi ija, dokotala anandichenjeza kuti mayi amene anadwalapo khansa ya m'chiberekero akhoza kudzadwala ina yatsopano pamalo ena, monga m'matumbo. Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Mutu ukangowawa, mtima unkagunda. Ndikatsokomola, ndinkadzifunsa ngati yayambanso.

Chaka chatha mimba inayamba kundivuta. Lero kutsegula, mawa kudzimbidwa. Madiresi anayamba kundikulira. Kenako ndinaona magazi m'chimbudzi. Sindinauze amuna anga kapena ana, chifukwa ndinkakumbukira mmene anavutikira ulendo woyamba. Koma kukhala pansi kunandikanika. Ndinkasesa pamalo posesa kale. Ndinkakwera minibasi kupita ku Kamwala kukaoda zitenje, n'kuzungulira mashopu onse, n'kubwerako chimanjamanja osadziwa chimene ndapitira. Kupemphera kwanga kunasanduka kudandaula. Ndinkati, "Ambuye, chiberekero chinapita kale. Tsopano chatsala n'chiyani?"

Loweruka lina kunabwera mlamu wanga, amake Dalitso, mkazi wa malemu mlongo wanga. Amalongedza katundu kufakitale ina ku Industrial, ndipo chichitikire maliro sitinkaonana kawirikawiri. Anabwera kudzagula chitenje cha ukwati wa mnzawo. M'malo moyang'ana zitenje, anayang'anitsitsa ine.

"Bamulamu, mwayonda maningi. Mumimba muli bwanji?"

Ndinayesa kuseka, koma misozi inatsogola. Ndinawauza zonse, pamsika pomwepo. Iwo anakhala pa benchi n'kundigwira dzanja.

"Balongo banu banayamba so chabe," anatero. "Ndine ninali kubasamala. Pamalilo bantu banakamba ati vilonda va mumimba, koma badokota bananiuza kuti ni kansa ya mumatumbo. Tinachedwa kuyenda. Imwe simuzachedwa."

Abale anga, zaka zonsezi sindinkadziwa chimene chinapha mlongo wanga. Ndinachita mantha kuposa kale, komabe mantha amenewo ndi amene anandinyamula. Madzulo ake ndinawafotokozera amuna anga. Lolemba amake Dalitso anapempha chilolezo kuntchito, n'kudzanditenga kunyumba, ndipo tinakhala limodzi pamzere wa kuchipatala mpaka ndinalowa.

Dokotala atamva za chiberekero ndi za mlongo wanga, anati nthawi zina khansa ziwirizi zimayenda m'banja limodzi. Ananditumiza kukapimidwa ndi kachubu kokhala ndi kamera koonera m'matumbo. Masiku odikira zotsatira anali owawa. Chakudya sichinkatsika, ndipo foni ikalira ndinkadzidzimuka.

Anapeza chotupa. Anandiuza kuti si khansa yakale ija yabwerera, koma ina yatsopano, ndiponso kuti inali isanafalikire. Anadula mbali ya thumbo imene inali ndi chotupacho. Nditatsegula maso, amake Dalitso anali pambali pa bedi, atavala chitenje chija anagula kwa ine... ayi, sanachigule n'komwe tsiku lija, tonse tinaiwala. Anali ndi yunifomu yakuntchito, atachokera kufakitale molunjika.

Lero ndabwerera pamsika. Sindinama, mtima umadumphabe tsiku lokapimidwa likayandikira, koma ndimapita. Ana anga ndi a malemu mlongo wanga nawonso tawauza zoona, ndipo dokotala wawalangiza nthawi yoyambira kupimidwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa lodandaula potuma mlamu amene sindinkamuyembekezera. Ndikuthokozanso amake Dalitso, amene anataya mwamuna koma anakana kutaya mlamu. Iwe mayi mnzanga amene unachira khansa, pemphera ndipo usasiye kukapimidwa. Ukaona chachilendo m'thupi, nena msanga. Funsanso abale ako chimene chinatenga amene anatsogola, ngakhale funsolo likhale lowawa. Ine yankho lake ndi limene landisiya wamoyo. Ambuye akusungeni nonse. Amen.