Uthenga wabodza unandifooketsa mtima

Moni nonse abale ndi alongo, m'dzina la Ambuye. Ine ndine Nabanda wa kwa Malomo, mlimi wa fodya. Chipatala sindinkachidziwa ine. Ndikadwala unali mutu, basi.

Tsiku lina ndikusoka fodya m'chigafa, foni inalira. Anali alamu anga. Moni sanapereke n'komwe. Anangoti minibasi yagubuduzika pamsewu wa ku Ntchisi, ndipo mwana wanga Tadala wafera pomwepo. Pachifuwa panalemera ngati andisanjika mwala. Mpweya unathawa. Ndinagwa.

Abale, Tadalayo anali wamoyo. Minibasiyo sanakwere n'komwe. Alamu anangomva kwa munthu, munthuyo anamva kwa wina pamsika. Ndinatsitsimukira kuchipatala cha pa Boma, womwalira uja akundikupiza ndi chitenje.

Koma mtima sunamve kuti linali bodza. Unkapopa mofooka. Kungoyenda pang'ono, wefuwefu. Ndiye kubwere odzazonda! Wina akuti azakhali ake anayamba chonchi, sanachedwe. Wina akuti andilodza chifukwa cha fodya. Alamu omwe aja anabwera ndi nthochi, n'kumandilangiza kuti ndisamaganize kwambiri. Ndinatembenukira kukhoma. Ndinapemphera mokwiya, sindikubisirani. Ndinati, Ambuye, ine ndifere maliro oti kulibe?

Achipatala ananditumiza ku Lilongwe. Kumeneko anati ndivule ndolo ndi chilichonse chachitsulo, poti makina ake ojambulira mtima ndi a maginito. Anandigoneka n'kundilowetsa m'chimphanga chopanikiza, chaphokoso ngati chigayo. Pumani, gwirani mpweya. Pumani, gwirani mpweya. Ine woti mpweya unali wochepa kale.

Adokotala, mayi wofatsa, anandionetsa zithunzizo. Anati amafuna aone ngati pali mnofu wa mtima umene wafa n'kusiya chipsera. Kenako anati, "Mayi, chipsera palibe. Mnofuwu wangotupa n'kufooka chifukwa cha kudzidzimuka kuja. Ubwerera mwakale."

Ndinamwa mankhwala, ndinapumula. Atandiyezanso anapeza mtima ukupopa bwino. Ndikuthokoza Mulungu, abale. Ndikuthokozanso manja a madokotala aja. Lero ndikulima. Chitunda chobwera kutchalitchi kuno ndikukwera osaima.

Alamu ndinawakhululukira, ngakhale kupepesa sanapepese mpaka lero. Akuti iwo ankangothandiza. Ali pompano, akhala kumbuyoko. Alamu, tsiku limene mudzamve kuti ine ndafa, mudzayambe mwabwera kudzandigwedeza musanauze munthu. Amen.